Mayi wa ku Nambuma ndi Windo Lakuda

Chaka chimene mbozi zinavuta kwambiri m'minda ya kwathu, ine ndinali kalaliki pa ofesi ina ya zaulimi pafupi ndi Namitete. Inali ofesi ya zipinda zitatu, kuseri kwa sitolo yogulitsa mbewu. Ntchito yathu inali yothandiza alangizi amene ankayenda m'midzi, kuyambira ku Mpingu mpaka ku Nsaru ndi ku Kabudula. Mlangizi akafika m'munda n'kupeza masamba a chimanga obookabooka kapena mtedza wopinimbira, ankajambula ndi foni n'kutumiza chithunzicho ku ofesi. M'chipinda chapakati munali kompyuta yaikulu imene tinkaitcha seva. Sevayo inkayang'ana chithunzi chilichonse, kenako n'kubweza uthenga pa foni ya mlangizi wonena chimene chikuoneka kuti chagwira mbewuyo ndi zoyenera kuchita.

Seva sinkatha kugwira ntchito zonse nthawi imodzi. Inkagwira zinayi, zina zonse zizidikira. Munali pulogalamu imene inkaika ntchitozo pamzere n'kumazigawa, iyi iyambe, iyo idikire. Ife tinkangoitcha kapitawo. Ine sindinkalabadira za kapitawoyo. Zanga zinali kulemba mayina a alimi atsopano, kukonza manambala a foni olakwika, ndi kutulutsa lipoti m'mawa uliwonse. Lipotilo linkasonyeza pamapu midzi imene kwapezeka mbozi, ndipo abwana a pa ofesi ankafuna kuti lizikhala patebulo pawo nthawi isanakwane eyiti.

Mvula itakhazikika, zinthu zinayamba kusokonekera. Kale mlangizi ankalandira yankho asanatuluke m'munda. Tsopano yankho linkabwera madzulo, mwina mawa lake, nthawi zina mkuja. Tsiku lina kunafika mlangizi wa ku Kabudula, bambo wachikulire ndithu, wodziwika kuti sakweza mawu. Anaimika njinga yake yamoto pakhomo, n'kumasula phesi la chimanga limene anamanga kumbuyo. Analowa nalo n'kuliika patebulo panga, pamwamba pa mapepala. Mtima wa phesilo wonse unali utadyedwa.

"Ndinajambula ili Lachitatu," anatero. "Yankho labwera lero, Lachisanu, kundiuza kuti ndi mbozi. Zikomo kwambiri. Mwini mundayo wandifunsa ngati makina anuwa amapita kaye kumaliro asanayankhe."

Palibe anaseka. Abwana anatuluka m'chipinda mwawo n'kupepesa. Tonse tinagwirizana kuti seva yakalamba. Ena ankati ndi netiweki. Sabata yomweyo abwana analemba kalata ku likulu m'tauni kupempha seva yatsopano, ndipo yankho linabwera loti atumiza kaye munthu adzaone.

Lolemba lotsatira kunkawaza kamvula. Ndinali pakhonde ndikupukuta matope kunsapato pamene kunafika mayi wina kuchokera kusiteji ya minibasi. Anali wa zaka zopitirira makumi asanu, wamfupi, atamanga chitenje pamwamba pa diresi, ambulera m'manja, chikwama chakuda kumsana. Ine ndinangoti ndi mlimi wasokera khomo.

"Amayi, ngati ndi za mbewu, sitolo ndi yakutsogoloko."

"Ayi achimwene, ndabwera kudzaona wodwala."

"Chipatalatu mwachipitirira. Mubwerere ndi msewu womwewu."

Anapinda ambulera yake mosafulumira. "Wodwala wake ndi seva yanuyo," anatero.

Ndinachita manyazi, koma iye sanaipitirize nkhaniyo. Anapereka moni kwa aliyense, anafunsa za kunyumba, ndipo abwana atamufunsa kwawo anati ndi wa ku Nambuma. Pambuyo pake ndinamva kuti anaphunzitsa masamu zaka zambiri pa sekondale ina ya kumudzi, ndipo za makompyuta anaziphunzira ali ndi ana akuluakulu kale, akuwerenga pa tchuthi. Abwana anamulowetsa m'chipinda cha seva n'kuyamba kufotokoza za ukalamba wake, kulira kwa fani yoiziziritsa, fumbi. Iye anamvetsera zonse. Kenako anafunsa funso limodzi.

"Kodi malogi mumawawerenga?"

Tinayang'anana. Abwana anandiloza ine, poti ndine ndinkakhala pa kompyuta nthawi zambiri. Ndinavomera kuti sindidziwa kuti n'chiyani.

"Kapitawo wanuyu amalemba zonse," anatero mayiyo. "Ntchito iliyonse ikafika amalemba nthawi. Ikayamba amalemba. Ikatha amalemba, ikalephera amalembanso, ndi dzina la amene waituma. Ndiwo malogi amenewo. Tisanamuweruze, tiyeni timve zimene walemba."

Anatulutsa laputopu yakale, makiyi ena atafufutika zilembo, n'kuilumikiza ku seva. Ine ndinkayembekeza kuona mapu ndi mabatani amitundumitundu monga ndinazolowera. Iye anatsegula windo lakuda bii, lopanda chithunzi ngakhale chimodzi, kachizindikiro koyera kokha kakuphethira pakona. Analemba mawu ochepa, ndipo mizere ya zilembo ndi manambala inayamba kutsika mofulumira moti maso anga sanathe kugwira ngakhale umodzi. Anaiimitsa. Anatulutsa kope la kusukulu ndi pensulo, n'kuvala magalasi.

Pafupifupi ola lathunthu anangowerenga. Sanakhudze china chilichonse. Ankatsata mzere ndi chala, n'kulemba kanthu m'kope, n'kupita pa mzere wina. Abwana anatopa n'kubwerera m'chipinda mwawo. Ine ndinatsala, kunena zoona chifukwa chofuna kuona ngati mayiyu akudziwadi zimene akuchita. Atandiona ndaima kumbuyo kwake, anakoka mpando wina.

"Khalani pansi, achimwene. Munthu saphunzira ali chiimire. Onani mzere uwu. Apa ndi nthawi imene chithunzi chinafika. Apa ndi pamene chinayamba kuyang'anidwa. Apa ndi pamene chinatha. Mizere yonseyi ndi yofanana kalembedwe. Ndimafuna nditsimikize zimenezi ndi maso anga ndisanauze makina kuti andiwerengere."

Kenako anandionetsa chida chake. Sichinali chinthu chogwirika ayi, kanali kapulogalamu kakang'ono kamene umakaitana polemba dzina lake m'windo lakudalo. Umakauza fayilo yoti kawerenge ndi funso lako, iko n'kudutsa m'mizere yonse ija n'kukupatsa yankho. Ankalemba lamulo limodzi, n'kuika kamzere koimirira, n'kulembanso lamulo lina. Anati kamzereko kamatenga zimene lamulo loyamba lapeza n'kupatsira lachiwiri. Loyamba linasankha ntchito za zithunzi zokha. Lachiwiri linaziika m'magulu potengera ola limene zinatha. Lachitatu linawerenga gulu lililonse.

"Funso loyamba ndi ili," anatero. "Pa ola lililonse, ndi ntchito zingati zimene zikutha?"

Atadina, panatuluka maola a tsiku atandandalikidwa kutsika pansi, ndipo kutsogolo kwa ola lililonse kunali mzere wa tinyenyezi. Ola limene ntchito zambiri zinatha linali ndi mzere wautali. Pa sikisi ndi seveni mizere inali yabwino. Pa eyiti, naini, teni ndi leveni panali kanyenyezi kamodzi kapena tiwiri basi. Masana mizere inatalikanso kwambiri mpaka kufika kumapeto kwa sikirini, kenako cha m'ma fili inadukiratu. Anasintha tsiku, zinali chimodzimodzi. Anasinthanso, chimodzimodzi.

"Mwaona masanawa? Makina okalamba sangathamange chonchi. Tsono funso lachiwiri: zithunzi zimafika nthawi yanji?"

Izi ndinkazidziwa ngakhale popanda kompyuta. Alangizi amalowa m'minda mame akangoyamba kuuma. Ndipo tinyenyezi tinavomereza: zithunzi zambiri zinkafika pakati pa eyiti ndi teni, nthawi yomweyo imene seva inkaoneka ngati yagona. Funso lachitatu linali losiyanitsa nthawi yodikira pamzere ndi nthawi yogwira ntchito yeniyeniyo. Zinapezeka kuti chithunzi chikangoyamba kuyang'anidwa chinkatha m'masekondi ochepa, koma chisanayambe chinkakhala pamzere maola.

Abwana atabwera kudzafunsa mmene zikuyendera, anabwera ndi pepala la mwezi wathawo limene seva inkatulutsa yokha. Pepalalo linkati avareji ya nthawi yodikira ndi yaing'ono kwambiri. Ankadabwa kuti zingatheke bwanji pepala kunena zabwino alangizi akulira.

Mayiyo analiyang'ana n'kumwetulira. "Abwana, mlimi wina akolole ngolo khumi, mnzake asakolole kanthu. Avareji ikuuzani kuti aliyense ali ndi ngolo zisanu. Ndiye pitani mukamuuze wachiwiriyo kuti ali ndi ngolo zisanu." Anafotokoza kuti pepalalo linkaphatikiza mauthenga a zanyengo amene seva inkatumiza ambirimbiri m'mamawa, amene sankadikira n'komwe. Kuchuluka kwawo kunkabisa zithunzi zimene zinkagona pamzere.

Tsiku limenelo anaweruka nafe limodzi, osanena chimene chikutsekereza mzere. Ndikukhulupirira kuti anali atachiona kale. Anangondipempha kuti mawa ndisatulutse lipoti iye asanafike.

M'mawa mwake anafika cha m'ma hafu seveni, abwana atapita ku Nsaru kukakumana ndi alangizi. Tinali awiri mu ofesi.

"Tandionetsani mmene mumachitira lipoti lanu lija. Muchite monga mumachitira masiku onse."

Ndinatsegula tsamba lake n'kudina batani. Palibe chinasintha, monga mwa nthawi zonse. Ndinadikira pang'ono n'kudinanso. Chala changa chikupita kachitatu, anandigwira pamkono pang'onopang'ono.

"Imani pomwepo. Mumadina kangati?"

"Mpaka litatuluka, amayi. Kasanu, mwina kasanu n'kamodzi. Batanili limavuta kumva."

"Limamva," anatero. "Vuto lake silikuuzani kuti lamva."

Anatembenuza laputopu yake kuti ndione. Anali atasanja ntchito zonse kuyambira imene inatenga nthawi yaitali kwambiri. Pamwamba ponse, mizere yotsatizana kudzaza sikirini, panali malipoti, ndipo kumapeto kwa mzere uliwonse kunali dzina limene ine ndinkalowera mu kompyuta. Kudina kulikonse kunali lipoti lathunthu latsopano. Lipoti lililonse linkabwerera kukayang'ana zithunzi zonse kuyambira tsiku limene ofesi inatsegulidwa. Nthawi yachilimwe zithunzi zili zochepa linkatha msanga, n'chifukwa chake panalibe vuto. Koma tsopano lililonse linkatenga nthawi yoposa ola, ndipo malipoti angawo ankadzaza malo onse anayi, ena n'kumadikira kutsogolo kwa mzere. Zithunzi za alangizi zinkaima kumbuyo kwawo. Pofika masana mzere ukuyamba kuyenda, mitambo inali itaphimba sola ya pa ofesi, magetsi atathima, mabatire n'kutha, seva n'kuzima. Zotsala zinkagona mpaka mawa, ndipo mawalo ine ndinkafikanso ndi chala changa.

Ndinakumbukira phesi lija patebulo panga, ndi mmene ndinagwedezera mutu pamodzi ndi anzanga ponena kuti seva yakalamba. Ndinaganizanso za mayi anga ku Mpingu, amene masabata awiri m'mbuyomo anandifunsa kuti, "Kodi makina anu aja anati chiyani za munda wakumtunda uja? Alangizitu anajambula." Ndinawayankha kuti ndi netiweki.

"Ndiye kuti ndine ndadyetsa chimanga cha anthu," ndinatero.

"Chimanga chadyedwa ndi mbozi," anayankha. "Inu mwachedwetsa mayankho, zimenezo n'zoona, ndipo sindikunamizani kuti n'zazing'ono. Koma amene anapanga batani losayankha ali ndi gawo lake. Amene anakonza kapitawo kuti azilola lipoti kuima kutsogolo kwa chithunzi cha mlimi ali ndi gawo lake, ndipo ameneyo ndi ife a kulikulu. Munthu wina aliyense atakhala pampando wanuwo akanadina chimodzimodzi. Ine ndemwe ndikanadina."

Sindikudziwa ngati akanadinadi. Koma mawuwo anandithandiza kuti ndidzutse mutu.

Masana abwana atabwera, anabwera ndi mlangizi wa ku Kabudula uja, amene ankafuna kumva yekha zimene zapezeka. Tinakhala m'chipinda cha abwana. Mayiyo anajambula tinyenyezi tija papepala lalikulu ndi dzanja, kuti aliyense aone bwino. Anafotokoza maola amene ntchito zimatha, maola amene zithunzi zimafika, ndi malipoti amene ankatseka njira. Ananena kuti lipoti linkatumidwa kangapo m'mawa uliwonse chifukwa batani silinkasonyeza kuti lalandira. Dzina langa sanalitchule. Mu ofesi ya anthu ochepa chonchija aliyense akanatha kudziwa, komabe iye anasiya mpata kuti ndisankhe ndekha.

Ndinaimirira. "Amene ankadina ndine," ndinatero. "Bambo, pepani chifukwa cha munda uja ndi ina yonse."

Abwana ndi amene anayamba kuyankhula. Anavula magalasi n'kunena kuti iwo ndi amene ankaima pakhomo panga m'mawa uliwonse kufunsa ngati lipoti latuluka, ndipo kangapo anandiuzapo okha kuti ndidinenso. Anavomeranso kuti masiku ambiri lipotilo ankaliwerenga madzulo. Apo mlangizi uja anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu wotopa.

"Ndiye makinawa alibe mlandu, eti? Chabwino. Ine ndingopempha kuti mawa ndikajambula, yankho lindipeze ndili m'munda."

Kukonza kwake sikunatenge nthawi. Mayiyo anasintha malamulo a kapitawo kuti zithunzi za alangizi zizikhala patsogolo nthawi zonse, kuti lipoti lisamatenge malo oposa amodzi, ndiponso kuti likatumidwa kawiri lachiwirilo lizikanidwa. Anakonzanso kuti lizingoyang'ana zithunzi zatsopano, ndipo batani lija likadinidwa lizilemba kuti talandira, dikirani. Abwana ankafuna kuimbira foni kulikulu nthawi yomweyo kuti zatheka. Iye anawaletsa.

"Sitinadziwe. Tangosintha basi. Tiwerengenso mawa."

Anakhala masiku ena awiri, akugona kwa mchemwali wake pafupi ndi msika. M'mawa uliwonse ankasiya alangizi atumize zithunzi, ndipo pofika leveni ankatsegula windo lakuda n'kufunsa mafunso atatu omwe aja. Tsiku loyamba tinyenyezi ta eyiti ndi naini tinatalika mpaka kumapeto. Mlangizi wa ku Kabudula anaimba foni ali m'munda kunena kuti yankho lamupeza asanabweze foni m'thumba. Ine ndinadumpha ndi chimwemwe. Mayiyo anangolemba manambala m'kope lake n'kunena kuti tsiku limodzi si umboni. Tsiku lachiwiri zitabwerezanso, ndi pamene analola abwana kuimba.

M'kalata imene analembera kulikulu sanakometse chilichonse. Anati seva yatsopano siikufunika, koma mabatire ndi ofookadi ndipo masana a mitambo sevayo ipitiriza kuzima. Anawonjezera mfundo ina imene ine sindinaiganizepo: malogi amangonena kuti yankho lapita msanga, sanena ngati yankholo ndi lolondola. Zimenezo, anati, afunsidwe alangizi ndi alimi eni ake.

Tsiku lomaliza anandikhazika pa kompyuta yanga n'kunditsegulitsa windo lakuda. Anang'amba tsamba m'kope lake pamene analemba malamulo atatu aja ndi pensulo, koma anakana kundilembera pa kompyuta. Ndinalemba ndekha, chilembo chimodzichimodzi ngati mwana wa sitandade wani. Koyamba ndinaiwala mpata pakati pa mawu awiri, kompyuta n'kundiyankha kuti siikudziwa lamulo limenelo. Ndinamuyang'ana.

"Musandiyang'ane ine. Werengani zimene yakuuzani. Yanena kuti sikudziwa chiyani?"

Ndinawerenga, ndinaona pamene ndinaphatikiza mawu, ndinakonza. Kachiwiri ndinaika kamzere koimirira pamalo olakwika. Kachitatu tinyenyezi tinatuluka. Kenako anandifunsa kuti ndingasinthe pati ngati ndikufuna kuona zithunzi za ku Nsaru zokha. Ndinaganiza nthawi yaitali, iye akusenda nthochi, mpaka ndinapeza. Sanandiyamikire ndi mawu ambiri. Anangoti, "Eya. Tsopano muzichita zimenezi Lachisanu lililonse, ngakhale zinthu zikuoneka kuti zili bwino."

Ndinamuperekeza kusiteji nditamunyamulira chikwama. Panjira ndinamufunsa chimene chinamuchotsa m'kalasi n'kumufikitsa ku makompyuta. Anati sukulu yawo inalandira makompyuta angapo amene anakhala m'makatoni chaka chonse chifukwa aliyense ankaopa kuwawononga, ndipo tsiku lina iye anatopa nazo n'kutsegula katoni imodzi. Minibasi inafika itadzaza kale, kondakitala akukuwa za m'tauni. Anapanikizana pampando wakumbuyo pakati pa thumba la mtedza ndi mayi wina wobereka mwana, laputopu ataikumbatira pachifuwa.

Ndinakhalabe pa ofesi ija zaka zina zitatu, ndipo Lachisanu lililonse ndinkawerenga malogi. Nthawi zambiri sindinkapeza kanthu. Koma chaka chotsatira, nthawi yopalira, ndinaona kuti ntchito zolephera zikuchuluka, ndipo nditazisanja zonse zinali zochokera pa foni imodzi. Inali ya mlangizi wina wa ku Nambuma, kamera yake itasweka galasi, zithunzi zikufika zosaoneka bwino. Iye ankangoganiza kuti ofesi yasiya kumuyankha ndipo anali ataleka kudandaula. Tinamubwereka foni ina sabata yomweyo. Ndinalembera mayi uja uthenga kumufotokozera, ndikuyembekeza kuti mwina andiyamikira. Anayankha madzulo ake, kundifunsa ngati ndayang'ananso mafoni a alangizi ena onse. Ndinali ndisanayang'ane, choncho Lolemba m'mawa ndinayamba ndi zimenezo.